Dengu la Buledi Paphiri la ku Italy

Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Ndimakhala ku Swords, kumpoto kwa mzinda wa Dublin ku Ireland, ndipo kwa zaka zinayi tsopano ndakhala ndikukwera basi ya m'mawa kupita ku Skerries, kwa agogo ena ochokera ku Italy. Anabwera ku Ireland ali mtsikana wongolowa kumene m'banja. Iwo ndi amuna awo anakazinga nsomba ndi tchipisi pafupi ndi doko mpaka mawondo anakana, kenako shopu anagulitsa. Amuna awowo anamwalira ine ndisanawadziwe. Agogo anatsala okha m'nyumba ya zipinda ziwiri, ndipo mwana wawo wamkazi, wa msinkhu wanga, amene amagwira ntchito ku eyapoti, ndiye anandipeza kudzera ku kampani yathu.

Agogowo si munthu wapafupi. Anzanga atatu anali atathawa pakhomopo ine ndisanafike. Tsiku loyamba anandiyang'ana ndikupinda thaulo, anandilanda, n'kulipindanso okha ndi manja awo onjenjemerawo. Tiyi wanga ankati ndi madzi otsukira mbale. Chizungu chawo n'chosakanikira, china cha ku Dublin china cha kwawo, ndipo akapsa mtima amachisiyiratu. Ine ndinakulira ku Ntcheu pakati pa azakhali anayi, choncho kulalata kwa munthu wamkulu sikundithamangitsa. Ndinkangoti "chabwino, mama" n'kupitiriza ntchito. Patatha miyezi ingapo anasiya kupindanso mathaulo anga, ndipo ndinadziwa kuti ndalandiridwa.

Nkhani ya dengu inayamba ndi thumba la mbatatesi. Tsiku lina m'nyengo yozizira ndinachokera kushopu ndi katundu wochuluka: jumbo la mankhwala, mkaka, ambulera, ndi thumba la makilo teni. Mvula inali ikuwaza, mphepo ya kunyanja ikulimbana ndi ambulera. Nditakhotera m'kanjira ka kuseri kwa nyumba, kumene sikudutsa anthu, ndinayang'ana uku ndi uku, n'kupinda sikafu, n'kuika thumba lija pamutu. Manja anamasuka, ndinayamba kuyenda ngati munthu.

Kuyang'ana uku ndi uku kuja kunali ndi chifukwa chake. Zaka za m'mbuyomo, tikukhala ku Ongar, dera lina la ku Dublin, ndinasenzapo thumba la mpunga kuchokera pabasi, achinyamata ena n'kuyamba kundijambula ndi mafoni akuseka. Mwana wanga wamkazi, amene anali asanamalize pulayimale, anayenda patsogolo ngati sakundidziwa. Titalowa m'nyumba anandiuza m'Chizungu, misozi ili m'maso, kuti ndisadzateronso. Ndinamulonjeza, ndipo lonjezolo ndinkangoliswa m'tinjira topanda anthu.

Sindinadziwe kuti agogo ali pawindo la kukhitchini. Nditalowa ndinawapeza ataimirira, chinthu chimene sankachita popanda wowagwira.

"Tulukanso," anatero.

"Ndaiwala chiyani, mama?"

"Tuluka, uikenso pamutu. Ndikufuna ndione."

Ndinaganiza kuti akufuna kundiseka, koma nkhope yawo sinali yoseka. Ndinatuluka mumvula muja, ndinasenza, ndinayenda mpaka pageti n'kubwerera. Anandiuza kuti nditembenuke, ndinatembenuka. Anaponya supuni pakhonde kuti nditole, ndinapinda mawondo n'kutola, thumba lili phee pamutu.

"Khosi lako ndi labwino," anatero. "Koma nkhata yako ndi yonyansa. Bwera nayo kuno."

Anatenga sikafu yanga, anaipota, anaizunguliza padzanja, n'kulowetsa nsonga mkati. Inali nkhata yeniyeni, yofanana ndi imene mayi anga ankapota ndi chitenje chakutha tikamapita kuchitsime. Ndinawafunsa kumene anaphunzira zimenezi, chifukwa ine ndinkaganiza kuti azungu sasenza. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Ukuganiza kuti madzi ankakwera okha paphiri?"

Masana amenewo tiyi anazizirira patebulo. Anandiuza za mudzi wawo, womangidwa pamwamba pa phiri kummwera kwa Roma, wa nyumba zamiyala zothithikana. Chaka chilichonse mu Ogasiti, tirigu atakololedwa, mudziwo umachita chikondwerero cha woyera mtima wawo. Amuna amanyamula chifaniziro chake paphewa kuchokera ku katchalitchi ka kuchigwa, kukwera nacho mpaka kutchalitchi chachikulu cha pamwamba. Patsogolo pa amunawo pamayenda akazi, aliyense atasenza dengu la buledi la banja lake, lokongoletsedwa ndi ngala za tirigu, maluwa ndi maliboni. Wansembe akadalitsa, bulediyo amagawidwa kwa aliyense amene ali pabwalo, mlendo ndi mwinimudzi yemwe. Banja lililonse lili ndi malo ake pamzere, ndipo malo a banja lawo ndi achitatu. Agogo awo anasenza, mayi awo anasenza, iwonso anasenza kuyambira ali namwali. Atasamukira ku Ireland ankatseka shopu milungu iwiri n'kupita kukasenza. Msana utayamba kuvuta anasiya. Mwana wawo anayesapo kamodzi, dengu linagwa asanatuluke n'komwe pakhomo. Kuyambira pamenepo malo achitatu ankakhala opanda mwini, a pambuyo n'kumangosendera kutsogolo.

"Ndisanafe ndikufuna ndione dengu lathu likukwera phiri lija," anatero. Sanandipemphe kalikonse tsiku limenelo. Anangowonjezera kuti mbatatesi ndagula zazing'ono.

Kuzizira kutatha, mwana wawo anandipeza ndikutsuka mbale. Anati adokotala avomera kuti mayi ake akwere ndege, bola pakhale wowasamalira nthawi zonse, ndipo mayi akewo akana wina aliyense kupatula ine. Anandifunsa ngati mapepala anga amandilola kutuluka m'dziko. Ndinapukuta m'manja pang'onopang'ono ndisanayankhe. Ndinafika m'dziko muno ngati wopempha chitetezo. Ndinakhala zaka zambiri m'hositelo, chipinda chimodzi ndi mwana, ndikudikira kalata. Kalatayo itabwera ndinadikiranso zina. Pasipoti yanga ya kuno inali itangofika kumene, ili m'kabati pansi pa zovala za kutchalitchi, isanagwiridwepo ndi wapolisi wa dziko lina lililonse.

"Amandilola," ndinatero. Kanali koyamba kutchula mawu amenewo pakamwa.

Mnzanga wa ku Zambia, amene timasinthana naye mashifiti, atamva anaseka pafoni. "Manje iwe, holide yako yoyamba uyenda kukanyamula katundu ya bazungu? Ise tinabwela kuno kuthawa vamene ivo." Ndinamuuza kuti palibe wanditchulira zosenza, ine ndikupita kukapereka mankhwala ndi kusambitsa munthu. "Uzaona," anatero. "Ba gogo baja nibaziba bwino." Mawu akewo anandikhala kumtima. Sindinkafuna kukakhala chionetsero m'dziko la eni, munthu wakuda mmodzi pakati pa msewu, mafoni atandizungulira. Ndinatsimikiza kuti akadzandipempha ndidzakana mwaulemu.

Tinanyamuka Lachitatu m'mawa, atatu. Pa eyapoti ya ku Roma wapolisi anatsegula pasipoti yanga, anandiyang'ana kamodzi, n'kundibwezera. Ndinaimabe pomwepo ndikudikira funso, mpaka agogo anandikodola ndi ndodo ali pa wilitcheya yawo. "Kankha, anthu akudikira kumbuyoku."

Galimoto ya hayala inatichotsa mumzinda, inadutsa minda youma, n'kuyamba kukwera msewu wokhotakhota mpaka makutu anga anatseka. Chodabwitsa choyamba m'mudzimo chinali chilankhulo. Ndinkayembekeza kumva Chitaliyana chokhachokha, koma pabwalo la pakati pa mudzi ndinamva Chizungu cha ku Dublin, chenicheni chija cha m'basi. Mabanja ambiri a kumeneko anachita ngati agogo, anapita kutali kukakazinga tchipisi. Chaka chonse mudzi umakhala wa nkhalamba ndi amphaka, ndipo sukulu inatsekedwa kalekale. Ogasiti akafika onse amabwerera, magalimoto a nambala zachilendo amandanda m'mbali mwa msewu, mawindo amatsegulidwa, mabulangete amayanikidwa pamakhonde. Zaka za posachedwapa kwayambanso kubwera alendo ongodzaona malo. Mabasi awo amaima kuchigwa chifukwa sangakwane m'makona a msewu uja. Nyumba zina zakale azisandutsa zogona alendo, ndipo mayi wina watsegula kashopu kogulitsa timadengu ta zidole ndi mafuta a olivi m'timabotolo tokhala ndi chithunzi cha tchalitchi. Agogo anang'ung'udza pa zonsezi, koma mwana wawo anandinong'oneza kuti popanda alendowo ngakhale wophika buledi akanatseka kale.

Makiyi a nyumba ya banja amasunga ndi alamu awo a agogo, mkazi wa malemu achimwene awo, mayi wamfupi wovala zakuda amene sanachokepo m'mudzimo chibadwire. Awiriwa anapsompsonana m'masaya, ndipo pasanathe mphindi zisanu anali atayamba kukangana za mtengo wa mkuyu umene unadulidwa popanda chilolezo.

Lachisanu masana ndinakankha wilitcheya mpaka pabwalo, kumene atsikana ankayeserera ulendo wa Lamulungu. Ambiri anali adzukulu a obwera kuchokera kunja. A komiti ya chikondwerero anawapatsa timadengu topepuka, buledi weniweni pamwamba pokha, pansi pake thonje ndi mapepala. Aliyense anagwira dengu lake ndi manja awiri, khosi litapindika, maso ali kumapazi. Alendo ankajambula, akusangalala. Agogo anaonerera kwa kanthawi, milomo italumana.

"Dengu logwira ndi manja si dengu," anatero. "Chimenecho ndi chipewa. Tiye kunyumba."

Kunyumbako sanandifunse ine. Anauza alamu awo m'chilankhulo chawo, ndipo ndinangoona alamuwo akutembenuka kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Mawu anakwera. Mwana wawo anayamba kundimasulira monyinyirika, akusankha zoti anene. Alamuwo ankati dengu ndi la magazi a banja. Ankati ine si wa mpingo wawo, zimene zinali zoona. Ankati anthu adzanena kuti banja lafika potuma wantchito. Ine mumtima ndinati zandithera bwino, andikanira ena.

Agogo anamenya ndodo pansi, ndipo ulendo uno analankhula m'Chizungu kuti ndimve ndekha.

"Amene amandisambitsa ndani? Amene amadziwa chipsera cha pamimba panga ndani? Nditagwa kubafa, amene ananditola ndi iwe? Uyu wandinyamula ine ndemwe zaka zitatu. Buledi angamulephere?"

Kenako anatembenukira kwa ine. Anachotsa magalasi, anawapukuta pamalaya.

"Sindinakufunse," anatero. "Ndikukufunsa tsopano. Chonde."

Mawu akuti chonde ndinali ndisanawamvepo pakamwa pawo. Ndinawauza zoona zake. Ndinawauza za ku Ongar, za mafoni aja, ndi kuti sindikufuna kusekedwanso ndi anthu amene sindingawayankhe n'komwe.

"Ine anandiseka zaka fote," anatero. "Anaseka kalankhulidwe kanga, anaseka fungo la nsomba m'tsitsi langa. Koma tchipisi ankadya. Usavomere lero. Ingoliona kaye."

Mwana wawo anakwera kudenga n'kutsika nalo litakulungidwa m'nsalu yakale. Linali lalikulu, loti manja anga awiri sakanalizungulira, loluka ndi timitengo tofewa, lodera chifukwa cha zaka, m'mphepete mwake mosalala mmene munkagwira manja a anthu amene anapita kale. Pansi pake panali polowa pang'ono, pamene mitu ya akazi a banjalo inasiya malo ake. Sindikudziwa kuti ndinaganiza chiyani. Ndinangoona manja anga akupota thaulo la mbale.

Alamu aja anati dengu lopanda kanthu ngakhale mbuzi ingasenze. Analowa m'chipinda chosungira zakudya n'kuyamba kutulutsa mabotolo a tomato wophika, akuwandandalika m'dengumo limodzi ndi limodzi, maso ali pa ine. Mwana wa agogo anati zakwana, iwo anawonjezera ena awiri. Anandithandiza kutukula onse awiri. Kulemera kuja kunatsika m'khosi, kunadutsa mumsana, n'kukakhazikika m'chiuno, pamalo pake pamene ndinkapadziwa kuyambira ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinachotsa manja. Ndinatsika masitepe amiyala a pakhomo, ndinazungulira chitsa cha mkuyu uja, n'kukweranso. Palibe botolo linagunda linzake.

Alamuwo anayandikira, anaimirira ndi zala za kumapazi, n'kukankha nkhata yanga pang'ono kuti ibwere kutsogolo. Analankhula mawu ochepa n'kutuluka.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Akuti musadzavale thalauza," anatero mwana wa agogo.

Loweruka m'mawa ndinaimbira mwana wanga, amene tsopano ali ku koleji. Ndinamufotokozera zonse, ndipo ndinamukumbutsa kuti ndinamulonjeza. Anayankha m'Chichewa chake chopunduka chija, chimene amachitulutsa kamodzikamodzi. "Pitani, mami. Ine ndinali mwana. Munditumizire vidiyo."

Tsiku lonselo linathera pa buledi. Alamu aja anakanda ufa m'chibeseni chamtengo, ine ndikuthira madzi pamene andilozera. Tinapita nawo kwa wophika buledi, amene uvuni wake wa nkhuni unali ukuyaka chiyambire mbandakucha, akazi a mabanja ena atandanda ndi mathabwa awo. Banja lililonse limadinda chizindikiro chake pa buledi kuti asasokonekere. Chathu chinali mtanda ndi timadontho titatu, ndipo agogo anaumirira kudinda okha ndi chala chawo chachikulu. Mikateyo inatuluka yaikulu ngati chiwongolero cha galimoto, yolimba kunja, yonunkhira utsi. Masana tinailongedza m'dengu, tinaimika ngala za tirigu kuzungulira, n'kumanga maliboni ofiira mpaka dengu linatalika ngati kamwana koimirira.

Tili mkati momanga kunabwera bambo wina wa komiti, wa kapepala m'manja. Anali atamva kale, chifukwa m'mudzi muja nkhani imayenda msanga kuposa galimoto. Anandipatsa moni mwaulemu ndithu. Anati ndi chinthu chokongola, ndipo akufuna ndiyende patsogolo penipeni kuti alendo ajambule bwino, mwinanso chithunzicho chidzaikidwe pa chikwangwani cha chaka chamawa. Agogo sanadikire kuti amalize.

"Uyu sakusenzera alendo ako. Akusenzera nyumba ino. Malo athu ndi achitatu."

Bamboyo anayang'ana alamu aja ngati akufuna thandizo. Iwo anatukula zala zitatu osasiya kumanga liboni. Analemba pakapepala kake n'kutsazika.

Lamulungu tinadzuka ndi kulira kwa mabelu ndi mizinga yophulitsa m'mwamba, imene kumeneko amaiombera dzuwa lili ngwee. Siketi ya chikondwerero ya agogo inakana kudutsa m'chiuno mwanga. Ndinavala bulauzi yoyera ya malemu mayi awo, yopeta m'khosi, ndipo pansi ndinamanga chitenje changa chimene ndinatengera kuti ndizifunda pochoka kosamba. Alamu aja anachigwira, anachipekesa pakati pa zala, n'kugwedeza mutu movomera. Ndinawamwetsa agogo mankhwala awo a eyiti koloko, ndinawaveka chipewa, ndipo mwana wawo anawatengera kumtunda kukadikira pakhomo pa tchalitchi. Ine ndinatsikira kuchigwa ndi alamu, anyamata a wophika buledi atatinyamulira dengu.

Pamalo oyamba panaima mayi wina wa imvi, wowonda, wa zaka za m'ma sevente, yekhayo amene anatsala wosenza osagwira. Pamalo achiwiri panali mtsikana wa kadengu kopepuka. Nditaima pachitatu, a pachinayi anabwerera m'mbuyo sitepe imodzi popanda wowauza. Mayi wa imvi uja anatembenuka thupi lonse, monga amatembenukira munthu wosenza, anayang'ana dengu langa, anayang'ana khosi langa, n'kubwereranso. Malipenga anayamba kulira kumbuyo kwathu, ng'oma yaikulu inagunda, ndipo tinanyamuka.

Mafoni analipo, ambiri kuposa a ku Ongar. Ndinawaona pa mphindi zoyamba zokha. Msewu unasanduka masitepe, miyala yake yoterera chifukwa chopondedwa, ndipo munthu wosenza sayang'ana anthu. Ndinaika maso pa mfundo ya epuloni ya mayi wa imvi uja n'kumatsata mayendedwe ake. Thukuta linatsika kuseri kwa makutu. Fungo la buledi linkanditsikira pamodzi ndi tizidutswa ta tirigu. Ndinazindikira kuti ndikung'ung'uza nyimbo ya kwathu yopitira kumunda, ndipo inkagwirizana bwinobwino ndi ng'oma yawo.

Pakati pa phiri pali chipata chakale cha mudzi, chamiyala, chachifupi. Za chipatachi palibe anandichenjeza. Ndinaona mtsikana wa patsogolo panga akutsitsa kadengu kake n'kukanyamula pamimba. Mayi wa imvi uja sanatsitse. Anapinda mawondo, msana uli chilili, n'kudutsa chonyonyomala, ngala za tirigu zikukhudza mwala pang'ono. Dengu lathu linali lalitali kuposa lake. Alamu, amene ankayenda pambali panga, anatambasula manja kuti andithandize kutula. Ndinawakaniza ndi chala. Ndinatsika mpaka ntchafu zinayamba kuyaka moto, ndinaponya phazi limodzi, ndinakoka linzake, kanayi konse, mwala ukukwecha maliboni pamwamba panga. Nditaona kuwala kutsidya ndinadzuka pang'onopang'ono, ndipo dengu linadzuka nane.

Phokoso limene linamveka pamenepo silinachokere kwa alendo. Linachokera m'mwamba, pamakhonde, pamene panakhala nkhalamba za m'mudzimo zimene miyendo sinkazilolanso kutsika. Zinkaomba m'manja, zikumenya zitsulo za makhonde ndi mphete zawo, zikufuula dzina la banja la agogo. Wina anandiwaza maluwa. Alamu aja ankayenda chifuwa chili patsogolo, akuyankha aliyense, akudziloza pamtima ngati anandiphunzitsa ndi iwo. Ndinafuna kuseka koma khosi silinalole.

Masitepe omaliza ndi ambiri. Nditatulukira pabwalo la tchalitchi ndinaona wilitcheya ili yokha. Agogo anali ataimirira patsogolo pake, dzanja limodzi pa ndodo, lina atakana nalo mwana wawo kuti asawagwire. Sanalire. Ankayang'ana dengu lokha, likubwera, mpaka ndinaima pamaso pawo. Ndinagwada monga timagwadira kwathu popereka chinthu kwa wamkulu, ndipo akazi awiri ananditula. Mutu unapepuka mpaka ndinaona ngati ndiuluka. Agogo anaika dzanja pamutu panga, pamene panali nkhata, n'kulisiya pomwepo mpaka chifaniziro chinafika ndi amuna ochinyamula, wansembe n'kuyamba pemphero.

Buledi atadalitsidwa, mwambo ndi woti wamkulu wa banja anyeme woyamba. Manja awo analephera chikhokho chake cholimbacho, ndiye tinanyema awiri. Chidutswa choyamba anapatsa alamu awo. Chachiwiri anandipatsa ine. Kenako anthu anakhamukira, ndipo dengu lathu linatha msanga kuposa onse, chifukwa linali ndi buledi mpaka pansi. Alendo ena anapempha kujambulitsa nane. Ena ndinawalola, ena ndinawakana, ndipo amene ndinawakanawo anapepesa n'kuchoka.

Masana tinadya pamatebulo aatali oyalidwa mumsewu. Mayi wa imvi uja anabwera ndi mpando wake n'kudzakhala pafupi nane. Tinalibe chilankhulo chotigwirizanitsa. Anandigwira kumbuyo kwa khosi, anagwira kwake, n'kuseka. Anandionetsa ndi manja kutalika kwa mtsuko wamkuwa umene ankatungira madzi ali mtsikana, ine ndinamuonetsa kukula kwa ndowa yathu ndi mtolo wa nkhuni. Tinacheza motero mpaka mbale zinachotsedwa.

Lolemba m'mawa kunagogoda atsikana asanu, mmodzi wa iwo uja wa pamalo achiwiri. Analankhula Chizungu cha ku Dublin, mwamanyazi, kuti ngati ndili ndi mpata ndiwaonetseko. Tinapita pa kasupe wa pabwalo ndi ndowa zapulasitiki, agogo ali pamthunzi ngati woyang'anira mayeso. Ndinawaphunzitsa kupota nkhata, kuimika chibwano, kuyenda ndi chiuno osati ndi mapewa. Onse ananyowa mpaka kumapazi. Dzuwa lisanafike pamutu, wa pamalo achiwiri uja anayenda masitepe khumi manja ali m'mbali, ndowa n'kugwa pa sitepe yotsatira. Agogo anati khumi si kanthu, koma anamuitana n'kumufunsa kuti ndi mdzukulu wa yani.

Tinabwerera ku Dublin Lachinayi, mvula ikugwa. Pa shifiti yanga yoyamba agogo anandiuza kuti pa masitepe omaliza ndinafulumira kwambiri, ndipo chaka chamawa ndidzakonze zimenezo. Chaka chotsatiracho adokotala anawaletsa ulendo. Anandituma ine ndi mwana wawo, ndipo iwo anaonera pafoni ali kukhitchini kwawo, mnzanga wa ku Zambia uja atawagwirira. Chaka chimenecho tinadutsa pachipata osatula tili atatu.

Masiku ano alamu aja amaimba foni Lamulungu lililonse masana. Akatha kukangana ndi agogo amati andipatse ine. Amalankhula mphindi teni osapuma, ine n'kumavomera. Mawu awo ndikudziwapo ochepa: ufa, mvula, bondo, ndi lina limene mwana wa agogo anakana kundimasulira. Sabata yatha ndinawayankha chiganizo chathunthu koyamba, chokhudza bondo lawolo. Anandikonza katchulidwe, n'kundiuza kuti ndibwereze.